Kodi liberalism ndi ufulu wa munthu, ufulu wa msika, kapena kutayirira?

Nambewe walemba:

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pabwalo lino, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa milungu ingapo. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ndipo pokonzekera phunziro la ulamuliro wa demokalase ndakumana kangapo ndi mawu akuti liberalism. Vuto langa ndi lakuti anthu atatu amene ndimawalemekeza andiuza zinthu zitatu zosiyana za mawu amodzimodziwa. Malume anga, amene akhala akulima chimanga ndi fodya moyo wawo wonse, amati liberalism ndi ija inachititsa kuti boma lichoke pamsika, mavenda ayambe kugula mbewu pamtengo wolira, feteleza nakwera mtengo mpaka mlimi wamba kulephera kumufikira. Mkulu wina wa mpingo wathu amati ndi chiphunzitso cha kutayirira, chimene chimauza mwana kuti asamvere kholo lake ndiponso munthu kuti asaope Mulungu. Koma amene anatiphunzitsa ku koleji ankanena kuti malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 anamangidwa pa mfundo za liberalism, ndipo kuti popanda mfundozo wapolisi akanatha kukusunga m'chitokosi miyezi ndi miyezi osakutengera kukhoti.

Kodi atatuwa akukamba chinthu chimodzi? Ngati ndi choncho, phata lake ndi liti, ndipo chikusiyana pati ndi demokalase imene ndimaphunzitsa kale? Sindikufuna kukaimirira pamaso pa ana a Folomu 3 ndi kuwauza zimene ine mwini sindinazimvetse.

Mphunzitsi Wopuma wayankha:

Mayi Nambewe, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Anthu atatuwo aliyense wagwira nthambi yake, koma amene wayandikira thunthu ndi wa ku koleji uja. Ndiyamba ndi kumene maganizowa anabadwira, chifukwa munthu akaona chilonda savutika kumvetsa chimene mankhwala ake anawapangira.

Chilondacho chinali nkhondo za chipembedzo ndi mafumu opanda owaletsa ku Ulaya. Kuyambira 1618 kufika 1648 Akatolika ndi Apulotesitanti anaphana m'madera amene lero ndi Germany mpaka midzi yambiri inasanduka mabwinja. Ku England nkhondo yapachiweniweni inabuka mu 1642, ndipo mu 1649 mfumu Charles I inadulidwa mutu. Mu 1685 mfumu ya France, Louis XIV, inafafaniza lamulo limene linkalola Apulotesitanti kupembedza mwa njira yawo, anthu miyandamiyanda nathawa m'dziko lawo lomwe. John Locke, amene ambiri amamutenga ngati kholo la maganizowa, anabadwa mu 1632 ndipo anakula akuona zonsezi. Iye mwini anathawira ku Holland mu 1683 poopa kumangidwa, nabwerera kwawo mu 1689, chaka chimene zolemba zake zikuluzikulu za boma ndi za kulolerana pa chipembedzo zinatuluka.

Mafumu a nthawiyo ankati mphamvu zawo n'zochokera kwa Mulungu, choncho wowatsutsa akutsutsa Mulungu. Locke anakana. Iye anati palibe munthu amene anabadwa ndi udindo wolamulira mnzake, ndipo kuti moyo wa munthu, ufulu wake ndi katundu wake si mphatso za boma, popeza munthu amakhala nazo boma lisanakhalepo. Anthu amakhazikitsa boma kuti liziteteza zinthuzo, ndiye kuti mphamvu imene wolamulira ali nayo ndi yoikizidwa. Taganizani za munthu amene waikiza mbuzi zake kwa mnansi. Wosungayo amazidyetsa, amaziteteza kwa afisi, ndipo angapindule ndi manyowa ake, koma sangazigulitse kapena kuzipha monga zake. Akayamba kutero, mwini wake ali ndi ufulu wokatenga mbuzi zake n'kukaikiza kwina. Mukatsegula malamulo athu aakulu pa gawo 12 mupeza ganizo lomweli, lakuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo kuti wozigwiritsa ntchito amatero pokhapokha anthuwo akupitiriza kumukhulupirira.

Pa chipembedzo Locke anati chikwapu chingagwadiritse munthu koma sichingamukhulupiritse, choncho boma likamakakamiza anthu kupemphera mwa njira imodzi limangobala achinyengo ndi ofera chikhulupiriro. Apa mkulu wa mpingo wanu akadziwa kuti liberalism inayamba ngati chishango cha opembedza amene anali ochepa, mwina akanaiweruza mofatsa. Ndisabise kuti Locke yemweyo sanafikitse kulolerako kwa onse: anthu osakhulupirira Mulungu anawapatula, ndipo Akatolika ankawakayikira poti amamvera mtsogoleri wa kunja. Amene anabwera pambuyo pake ndiwo anakulitsa bwalo.

Tsono funso limabwera lakuti, nanga wosunga mbuzi uja tingamuletse bwanji kuzidya, pamene iye ndiye wagwira mpeni? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Yankho la ma liberal ndi lakuti usamulole kukhala pamkhatepo poyamba pomwe. Mfalansa wina, Montesquieu, analongosola mu 1748 kuti opanga malamulo, oyendetsa boma ndi oweruza milandu asakhale munthu mmodzi kapena gulu limodzi, kuti mphamvu ina iziletsa inzake. Lamulo likhale lolembedwa, lodziwika kwa onse lisanagwiritsidwe ntchito, ndipo limange nduna monga mmene limangira wogulitsa tomato. Ku England lamulo lakuti womangidwa aonekere pamaso pa woweruza linakhwimitsidwa mu 1679. Kwathu kuno lili pa gawo 42, limene limapereka maola 48. Amene tinaliko nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kutengedwa usiku n'kukakhala ku Mikuyu zaka zingapo popanda mlandu wozengedwa, timadziwa kulemera kwa maola amenewo. Jack Mapanje anakhala m'ndende kuyambira 1987 kufika 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse m'khoti.

Pa funso lanu lomaliza: demokalase imayankha kuti alamulire ndani, pamene liberalism imayankha kuti wolamulirayo alekezere pati. Ziwirizi zimayendera limodzi kawirikawiri koma si mapasa. Anthu ochuluka angavote mwamtendere kuti kagulu kena kalandidwe minda kapena katsekeredwe kachisi, ndipo mavotiwo angawerengedwe mwachilungamo. Wa demokalase yokhayokha sangapeze chodandaula, koma wa liberalism adzati pali zinthu za munthu zimene ngakhale dziko lonse litagwirizana silingazikhudze. A Mboni za Yehova analetsedwa kuno mu 1967, ndipo chifukwa chokana kugula makadi a chipani anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 zikwi zambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Nthawiyo kunalibe demokalase, n'zoona, koma dzifunseni moona mtima ngati kukanakhala riferendamu ya nkhani yawo anthu ambiri akanawaikira kumbuyo. Ine ndikukayika. Ufulu wa munthu wosakondedwa ndi anansi ake ndiwo muyeso weniweni wa maganizowa.

Dzina lenilenilo lakuti liberal linabwera mochedwa poyerekeza ndi maganizo ake. Linayamba kumveka m'ndale ku Spain, kwa aphungu amene anakumana ku Cádiz n'kulemba malamulo a 1812 ochepetsa mphamvu za mfumu.

Nangozo wayankha:

Aphunzitsi mwalongosola bwino mbali ya ndale, koma malume a Nambewe mwawasiya panja, pamene dandaulo lawo lili ndi maziko. Ine ndimagwira ntchito ndi magulu a alimi, ndipo zimene akunena malumewo ndimazimva pafupifupi sabata iliyonse.

Ufulu wa msika ndi nthambi yeniyeni ya liberalism, si chinthu chomatikapo ayi. Ukavomereza kuti thukuta la munthu ndi lake, wavomerezanso kuti agulitse chimene walima kwa amene wamufuna. Adam Smith wa ku Scotland, polemba mu 1776, sankalimbana ndi osauka koma ndi makampani amene mfumu inawapatsa chilolezo chochita malonda okha, monga East India Company, ndiponso ndi misonkho yotetezera olemera. Iye anachenjeza kuti amalonda a mtundu umodzi akasonkhana, nkhani yawo sichedwa kufika pa kupangana zokweza mitengo, ndipo anasiyira boma ntchito zoteteza dziko, kuweruza milandu, kumanga misewu ndi milatho, ndiponso kuthandiza kuti ana a anthu wamba aphunzire. Nkhondo yaikulu ya ma liberal a ku Britain inali yolimbana ndi malamulo a 1815 amene ankatchinga tirigu wa kunja kuti eni minda ikuluikulu agulitse wawo modula, buledi nakwera mtengo kwa antchito a m'mafakitale. Richard Cobden ndi John Bright anamema anthu kuchokera ku Manchester mpaka malamulowo anachotsedwa mu 1846.

Kwathu kuno tili ndi nkhani yofanana nayo imene ambiri aiwala. Chisanafike chaka cha 1990 mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, popeza anasungidwira eni maesiteti, ndipo mbewu za alimi wamba zinkagulidwa ndi ADMARC pamtengo umene boma laika, phindu lake lalikulu n'kukathandiza kukuza maesiteti omwewo. Kumasula mlimi kuti alime bale ndi kukagulitsa ku okushoni kunali kuchotsa tsankho lenileni. Koma pamene amalonda wamba analoledwa kugula mbewu mu 1987, misika ina ya kumidzi n'kutsekedwa, kenako kwacha n'kumasulidwa mu 1994, thandizo la pa feteleza n'kuchotsedwa, mlimi wa kudera lopanda msewu anapezeka ali ndi ufulu wogulitsa kwa aliyense pamene wobwera kudzagula ndi venda mmodzi yekha wokhala ndi sikelo yake. Ndondomekozi zinabwera ndi ngongole za World Bank ndi IMF kuyambira 1981, ndipo zinatsamira pa nthambi imodzi ya liberalism, ija ya akatswiri a zachuma Friedrich Hayek ndi Milton Friedman, imene imaopa kwambiri dzanja la boma pa chuma.

Chimene ndikufuna Nambewe akauze ana ake ndi chakuti ma liberal eni ake anagawanika pa nkhani yomweyi kalekale. Njala itagwa ku Ireland kuyambira 1845, boma la ku London linachita mphwayi kulowerera mokwanira, mwa zina poopa kusokoneza msika, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa. M'mafakitale ana aang'ono ankagwira ntchito mpaka lamulo la 1833 linaletsa kulemba osakwana zaka 9 m'mafakitale a nsalu. Poona izi, oganiza ena monga T. H. Green ndi L. T. Hobhouse anafunsa kuti ufulu wosainira pangano la ntchito uli ndi tanthauzo lanji kwa munthu amene akakana agona ndi njala. Iwo anati umphawi, umbuli ndi matenda zimamanga munthu monga momwe unyolo umamangira, choncho boma loteteza ufulu liyenera kulimbana nazonso. Ndi boma la chipani cha Liberal limene linayambitsa penshoni ya okalamba ku Britain mu 1908, masheleni 5 pa sabata kwa opitirira zaka 70, ndiponso inshuwalansi ya odwala ndi ochotsedwa ntchito mu 1911. William Beveridge, amene lipoti lake la 1942 linayala maziko a chithandizo cha boma kwa nzika zonse za dzikolo, anali wa chipani chomwecho.

N'chifukwa chake dzinali limasokoneza. Ku America munthu akatchedwa liberal ndiye kuti amafuna boma lithandize osauka, pamene ku Australia chipani chotchedwa Liberal ndi cha mbali ya amalonda ndi osunga mwambo. Malamulo athu pa gawo 13 anayesa kuyenda pakati, ponena za kulera chuma cha msika pamodzi ndi kuika ndalama pa umoyo ndi maphunziro. Ine ndili kumbali ya Green ndi Hobhouse. Sindinaonepo mayi amene wagulitsa chimanga chake mu Meyi pamtengo wotsika chifukwa cha fizi, n'kudzachigulanso mu Januwale pamtengo wowirikiza, akudzimva kuti ndi mfulu pamsika.

Jere wa ku Joni wayankha:

Ndawerenga mayankho onse awiri ndi ulemu, koma pali fupa limene mukulizungulira. Anthu amene analemba mokoma za ufulu wa munthu aliyense sankawerengera ife m'gulu la anthuwo. Locke anaikapo ndalama zake mu Royal African Company, kampani yogulitsa akapolo ochokera ku Africa. Thomas Jefferson wa ku America, amene mu 1776 analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anali ndi akapolo oposa 600 m'moyo wake. John Stuart Mill, amene amatamandidwa chifukwa cha zimene analemba za ufulu mu 1859, anagwira ntchito zaka 35 ku East India Company, kampani imene inkalamulira India, ndipo m'zolemba zomwezo ananena poyera kuti mfundo yake siikhudza mitundu imene iye ankaiona ngati yotsalira, imene inayenera kulamulidwa ndi dzanja lolimba kuti itukuke. Umenewu ndiwo mtima umene unalungamitsa utsamunda. Pamene agogo athu ankagwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, dziko lowalamuliralo linkadzitama kuti ndilo kwawo kwa ufulu.

Kuno ku South Africa nkhaniyi ndi yodziwika. Chipani cha Liberal chinakhazikitsidwa mu 1953 ndipo chinali ndi mamembala akuda ndi oyera, mpaka chinadzithetsa chokha mu 1968 pamene boma linaletsa zipani zosakaniza mitundu. Helen Suzman, phungu wachizungu wa chipani china cha Progressive, anaima yekhayekha m'Nyumba ya Malamulo kuyambira 1961 kufika 1974 akudzudzula tsankho. Sindikuwachotsera ulemu wawo. Komabe Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda, anawadzudzula ma liberal achizungu kuti ankafuna kuyankhulira munthu wakuda m'malo momulola kudziyankhulira yekha, uku akudya zabwino za dongosolo lomwe ankalitsutsa. Ndipo lero, pamene malamulo a dziko lino amatamandidwa padziko lonse, ufulu wa katundu umatetezanso minda imene inalandidwa ndi lamulo la 1913, lija linasiyira anthu akuda gawo laling'ono kwambiri la nthaka.

Koma chondivuta chachikulu si mbiri ya anthuwo ayi, ndi chithunzi chawo cha munthu. Locke amayamba ndi munthu woima payekha, wokhala kale ndi ufulu wake, amene kenako amapangana ndi anzake kupanga boma. Munthu wotereyu ine sindinamuonepo. Ndinabadwira m'mbumba, ndinaleredwa ndi azakhali ndi amalume, ndipo ndalama imene ndimatumiza kumudzi mwezi uliwonse sindinasainire pangano lililonse. Kwathu timati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Kodi umunthu umenewu ungakhale pansi pa denga limodzi ndi chiphunzitso chimene chimayambira pa "ine" ndi "zanga"? Mwina mkulu wa mpingo wa Nambewe, ngakhale sanafotokoze bwino, wanunkhiza chinthu chenicheni.

Mphunzitsi Wopuma wayankhanso:

A Jere, zonse zimene mwanena za Locke, Jefferson ndi Mill ndi zoona, ndipo Nambewe asazibise kwa ana. Ndingowonjezerapo kuti amayi nawonso anatsekeredwa kunja: Afalansa atalengeza ufulu wa munthu ndi wa nzika mu 1789, Olympe de Gouges analemba mu 1791 kufunsa za ufulu wa amayi, ndipo mu 1793 anadulidwa mutu. Koma taonani chimene otsekeredwa kunjawo anachita ndi mawuwo. Akapolo a ku Haiti anaukira mu 1791 nalengeza ufulu wa dziko lawo mu 1804, akugwiritsa mawu omwewo a Afalansa. Mu 1914 John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene Aafirika ankafera pa nkhondo ya azungu pamene pamtendere sankawerengedwa. Atsogoleri a Britain ndi America, Churchill ndi Roosevelt, atalonjeza mu 1941 kuti anthu onse ali ndi ufulu wosankha boma lawo, Churchill anati lonjezolo silikhudza maiko olamulidwa ndi Britain, koma a chipani cha ANC cha ku South Africa mu 1943 analemba zofuna zawo potsamira pa lonjezo lomwelo. Mfundo yakuti palibe wobadwa kuti alamulire mnzake inakhala yamphamvu kuposa eni ake oilemba, ndipo inawatembenukira. Kwa ine umenewu ndi umboni wakuti mfundoyo ndi yabwino, ndipo kuti olakwa anali anthu amene ankaidulira malire kuti isafike pakhomo pawo.

Pa za umunthu ndikusiyana nanu pang'ono. Liberalism siikuuza munthu kuti asiye mbumba yake, mpingo wake kapena mfumu yake. Ikungofunsa kuti ndani ali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito chikwapu, ndende ndi chindapusa, ndipo pa zifukwa ziti. Mill anati chifukwa chokhacho chokakamizira munthu wamkulu wamaganizo ake abwinobwino ndi kuletsa kuti asapweteke ena. Ngati chimene akuchita chikukhudza iye yekha, mungamulangize, mungamudzudzule, mungaleke kucheza naye, koma musamumange. Ndalama imene mumatumiza kumudzi ili ndi ulemu chifukwa palibe wapolisi amene amakuperekezani kokatumiza. Pemphero la mkulu wa mpingo uja lili ndi tanthauzo chifukwa akanatha kusapemphera. Ndipo mwambo wathu womwe suli wachilendo ku ganizo la mphamvu yokhala ndi malire: mfumu siidzilonga yokha, ntchembere za m'mbumba zimakhala ndi mawu posankha wolowa ufumu, ndipo pabwalo woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata woyankha chigamulo chisanaperekedwe.

Komanso tisaiwale kuti mudzi nawo umatha kulakwira munthu wake. Gogo amene akutchedwa mfiti ndi mudzi wonse, mayi wamasiye amene abale a mwamuna akumulanda katundu, mtsikana amene akukakamizidwa kukwatiwa asanakule, onsewa akupwetekedwa m'dzina la gulu. Akathamangira kukhoti, chimene chimawateteza ndi ganizo lija lakuti munthu mmodzi ali ndi zake zimene gulu silingamulande. Mawu anayi a nthawi ya chipani chimodzi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, analinso mawu okoma a gulu, ndipo tinaona chimene anaphimba mpaka maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, n'kutsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Nambewe wabwereranso:

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwandipatsa zambiri zoti ndikasinkhesinkhe. Ndamva kuti malume anga akudandaula za nthambi imodzi ya pa chuma imene ma liberal ena amaitsutsanso, ndipo kuti mkulu wa mpingo wasakaniza kuletsa chikwapu ndi kuletsa chilangizo. Koma mfundo ya Mill yandisiyira funso limene ndikudziwa kuti ana adzandifunsa, chifukwa amakonda kufunsa za iwo eni. Kupweteka ena kumayambira pati? Munthu akanyoza chipembedzo changa pa Facebook ndimamva kuwawa mumtima, kodi pamenepo wandipweteka? Nanga kholo limene chikhulupiriro chake chimakaniza mankhwala, likakana kuti mwana wake alandire katemera, tinene kuti likugwiritsa ntchito ufulu wake wa chipembedzo?

Nangozo wayankhanso:

Achemwali, funso la katemera ndi lopepukirapo. Mill ananena momveka kuti mfundo yake ndi ya anthu aakulu, ndipo kuti ana ayenera kutetezedwa. Kholo lingakane mankhwala pa thupi lake, koma thupi la mwana si lake, ndipo chikuku chikagwira mwanayo chimafalikiranso kwa ana a anansi. Pamenepo boma lili ndi chifukwa cholowererapo, ngakhale kuti nzeru ndi kuyamba ndi kukambirana ndi makolowo kudzera mwa mafumu ndi alangizi a zaumoyo, chikakamizo n'kubwera pomalizira.

La kunyozedwa ndi lolemera. Mill sankawerenga kukhumudwa ngati kupwetekedwa, ndipo anapereka zifukwa zimene ana a Folomu 3 angazimve: ganizo limene mukulitseka pakamwa likhoza kukhala loona, likhoza kukhala ndi kachidutswa ka choonadi kamene inu mulibe, ndipo ngakhale litakhala labodza, chikhulupiriro chimene sichinayesedwepo ndi wotsutsa chimasanduka mawu ongoloweza. Koma anaika malire ndi chitsanzo cha wogulitsa tirigu. Kulemba m'nyuzipepala kuti ogulitsa tirigu akupha osauka ndi njala n'kololedwa, koma kukuwa mawu omwewo kwa chikhamu chokwiya chimene chazinga nyumba ya wogulitsayo n'koyenera chilango. Kusiyana kwake kuli pa kuyandikira kwa chiwawa. Uthenga wa pa WhatsApp wotchula dzina la munthu kuti ndi wopopa magazi, m'dera limene anthu agwira kale zikwanje, ndi wofanana ndi kukuwa pakhomo paja, ndipo mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo chifukwa cha mphekesera zotere. Maiko okha amasiyana poika mzerewu: America imalola zonena zambiri zimene Germany imazilanga, monga kukana kuti chipani cha Nazi chinapha Ayuda.

Ngati mukufuna nkhani yoti ana akakangane nayo m'kalasi, tengani ya ana a Chirasta. Kwa zaka zambiri ankabwezedwa pa sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, mpaka mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti alandiridwe osawameta. Agaweni ana m'magulu awiri, ena ayankhulire mphunzitsi wamkulu amene akuti sukulu imayenda ndi lamulo limodzi kwa onse, ena ayankhulire kholo la mwanayo, ndipo gulu lililonse lisonyeze amene akupwetekedwa tsitsilo likasiyidwa kapena likametedwa.